Kuti Ena Atengerepo Phunziro



Mukamamvetsera nkhani za m'makhoti pa wailesi, pali mawu ena amene sasowa. Woimira boma pa mlandu amaimirira n'kupempha bwalo kuti lipereke chilango chokhwima kuti ena atengerepo phunziro. Akatha iye, wopalamulayo amapatsidwa mpata wodandaula. Amati n'koyamba kupalamula, ali ndi ana ang'onoang'ono, ndiye amene amasamala mayi ake okalamba. Woweruza amamva mbali zonse, kenako n'kugamula kuti akagwire ukaidi wa kalavula gaga kwa zaka zakuti. Tidazizolowera zimenezi moti timaona ngati zidabadwa ndi dziko. Komatu pempho la woimira boma lija ndi dandaulo la wopalamula lija zidachokera kwa anthu osiyana, a nthawi zosiyana, ndipo anthuwo sankagwirizana. Ophunzira zamalamulo amati maganizo oyambawo ndi a classical, achiwiriwo ndi a neoclassical. Lero ndikufuna tiwatsate kumene adachokera, ku Ulaya, zaka zoposa 250 zapitazo.

Tiyambe ndi mmene zinthu zidalili kumeneko anthu amenewa asadalankhule. M'chaka cha 1757, munthu wina dzina lake Robert-François Damiens adabaya mfumu ya ku France, Louis XV, ndi kampeni. Mfumuyo idangovulala pang'ono. Koma Damiens adamutengera pabwalo la anthu mumzinda wa Paris, adamuotcha dzanja, adamung'amba minofu ndi zopanira zamoto, kenako adamumangirira kwa akavalo kuti amukhadzule. Khamu la anthu lidasonkhana kudzaonerera, ena mpaka kulipira ndalama kuti apeze zenera looneka bwino. Patangopita zaka zisanu, mu 1762, mumzinda wa Toulouse, wamalonda wina wogulitsa nsalu, Jean Calas, adaimbidwa mlandu wopha mwana wake. Calas adali wa Chiprotestanti pakati pa Akatolika, ndipo mphekesera idali yoti adapha mwanayo pomuletsa kulowa Chikatolika. Adamuzunza kuti avomere, iye adakana mpaka mapeto, ndipo adamupha pomuthyola mafupa pagudumu. Mu 1765 boma lomwelo lidalengeza kuti munthuyo adalibe mlandu. Apa n'kuti patapita kale zaka zitatu chiphedwereni.

Nkhanza n'zimene zimatigwira mtima tikamva nkhani ngati izi, koma vuto lidali lalikulu kuposa pamenepo. Munthu sankadziwa chimene chimugwere. Milandu inkafufuzidwa mseri. Woweruza adali ndi mphamvu zosankha chilango mmene wafunira. Mwana wa mfulu ndi mwana wa mlimi akapalamula mlandu umodzimodzi, zilango zawo zinkasiyana. Tchimo ndi mlandu zidali zosakanikirana, moti munthu ankatha kuphedwa chifukwa chonyoza chipembedzo.

Ndiye mu 1764 kudatuluka kabuku kakang'ono m'Chitaliyana, kosalembedwa dzina la mwini wake, kotchedwa Dei delitti e delle pene, kokamba za milandu ndi zilango. Adakasindikiza mumzinda wa Livorno. Mwini wake adali Cesare Beccaria, mnyamata wa ku Milan wobadwa mu 1738, wochokera kubanja lolemekezeka, wophunzira zamalamulo, koma wamanyazi ndiponso, malinga ndi anzake, waulesi ndithu. Amene adamukankha kuti alembe ndi anzake awiri apachibale, Pietro ndi Alessandro Verri. Alessandro adali ndi udindo woyendera akaidi ku Milan, choncho zimene zinkachitika m'ndende ankaziona ndi maso.

Kodi mnyamatayu adanena chiyani? Adayambira pa mfundo yoti munthu ali ndi nzeru ndiponso ufulu wosankha. Amafuna zomukomera, amathawa zomupweteka. Akaba, ndiye kuti waona kuti phindu la kubako likuposa chimene angataye. Ngati zili choncho, ntchito ya chilango si kubwezera, si kulipiritsa tchimo, ndipo sichingafafanize choipa chimene chachitika kale. Ntchito yake ndi kuletsa wopalamulayo kuti asabwereze, ndi kuchenjeza ena. Apa mukumva kale mawu a woimira boma aja. Koma Beccaria sadaimire pomwepo, ndipo zimene adapitiriza nazo n'zimene ife timakonda kuiwala. Adati chilango chingoposa pang'ono phindu la mlanduwo, basi. Chilichonse choonjezera pamenepo ndi nkhanza za olamulira. Adatinso zilango zikwere motsatana ndi kukula kwa choipa chimene dziko lachitiridwa. Taganizani: ngati wakuba ndi wakupha onse akanyongedwa, n'chiyani chingaletse wakubayo kupha mboni imene yamuona? Chilango chokhwimitsitsa pa mlandu waung'ono chimakankhira munthu ku mlandu waukulu.

Tsono mfundo yake yaikulu, imene ine ndimaiona kuti ndiye mtima wa kabukuko, ndi iyi: chimene chimaopsa munthu si kukula kwa chilango ayi, koma kudziwa kuti sachithawa, ndiponso kuti chibwera msanga. Chilango chochepa koma chosaphonya chimagwira ntchito kuposa chilango choopsa chimene munthu ali ndi chiyembekezo choti achizemba. Aliyense amene amakwera minibasi amaidziwa mfundoyi ngakhale sadamvepo za Beccaria. Dalaivala akamva kwa mnzake kuti kutsogoloku kuli apolisi apamsewu, amatsitsa anthu oonjezera aja nthawi yomweyo. Sayamba wafunsa kuti chindapusa cholembedwa m'buku la malamulo n'chochuluka bwanji. Chimene chamusintha ndi kudziwa kuti lero agwidwa.

Pa zozunza munthu kuti avomere mlandu, Beccaria adati njira imeneyi imangoyesa kulimba kwa thupi: chigawenga champhamvu chimapirira n'kumasulidwa, wosalakwa wofooka amavomera n'kuphedwa. Chilango cha imfa adachikana, kupatula pa zochitika zochepa kwambiri zoopseza dziko lonse, ponena kuti boma limene limaletsa kupha silingaphunzitse anthu pochita kupha pagulu. Adafuna kuti malamulo azipangidwa ndi opanga malamulo okha, alembedwe momveka, ndipo woweruza azingoona ngati munthu wachita chinthucho kapena ayi, osamasulira lamulo mmene iye akuganizira. Ngakhale kukhululuka kwa mfumu sadakukonde, chifukwa kumapatsa anthu chiyembekezo chozemba.

Pali kanthu kena kamene ndikufuna ndikapatukireko pang'ono. Beccaria adadandaula kuti malamulo ankalembedwa m'chilankhulo chimene anthu wamba sankachimva, zimene zinkachititsa kuti anthu ambiri azidalira anthu ochepa kuti adziwe za ufulu wawo. Iye ankanena za Chilatini. Ife malamulo athu a milandu ali m'Chingerezi, ndipo m'khoti mayi wa kumudzi amamva mlandu wake kudzera mwa womasulira. Ngati chiphunzitso chonsechi chagona pa mfundo yoti munthu amayamba wawerengera chilango asadapalamule, n'zovuta kuona kuti awerengera bwanji chimene sadachiwerengepo.

Kabuku kaja kadafala ngati mmene olemba ake sadayembekezere. Adakamasulira m'Chifalansa, wolemba mabuku wa ku France, Voltaire, adakalembera ndemanga, ndipo mu 1766 Mpingo wa Katolika udakaika pa mndandanda wa mabuku oletsedwa. Mfumukazi Catherine II wa ku Russia adatengamo mfundo zambiri polemba malangizo ake a malamulo mu 1767. Pa 30 November 1786, Leopold, wolamulira dera la Tuscany, adathetsa chilango cha imfa ndi kuzunza oganiziridwa milandu. Beccaria mwini wakeyo adaitanidwa ku Paris kuti akalandire ulemu, koma sadakhalitseko. Adasowa kwawo n'kubwerera ku Milan, kumene adakhala mphunzitsi ndi wogwira ntchito m'boma mpaka imfa yake mu 1794.

Ku England mfundozi adazinyamula ndi Jeremy Bentham, wobadwa mu 1748. Iye adali munthu wokonda kuyeza chilichonse. M'buku lake la mu 1789 adafotokoza kuti chilango pachokha n'choipa, chifukwa chimabweretsa ululu, ndipo chimaloledwa pokhapokha ngati chikuletsa choipa chokulirapo. Adajambulanso pulani ya ndende yozungulira, yotchedwa Panopticon, yokhala ndi nsanja pakati, kuti mlonda aziona akaidi onse koma iwo osamuona, kotero kuti aliyense azikhala ngati akuonedwa nthawi zonse. Boma silidamange ndendeyo, ndipo Bentham adakwiya nazo mpaka kukalamba. Dziko lake pa nthawiyo lidali umboni wa zimene Beccaria adanena. Milandu yonyongetsa munthu idali yoposa 200, kuphatikizapo kuba katundu wa mashiling'i asanu m'sitolo. Zotsatira zake? Anthu wamba osankhidwa kuti agamule milandu, a jury, ankanama dala kuti katundu wobedwayo ndi wotsika mtengo, pofuna kupulumutsa khosi la munthu. Eni katundu ena sankakasuma n'komwe. Lamulo lidakhwima mpaka lidasiya kugwira ntchito.

Tsopano tifike pamene maganizo a classical adayesedwa m'khoti lenileni. Anthu a ku France atagwetsa ulamuliro wakale, adalemba malamulo atsopano a milandu mu 1791. Adatsata Beccaria pa mfundo zambiri. Mlandu uliwonse waukulu udapatsidwa chilango chake chimodzi chokhazikika. Woweruza adalandidwa mphamvu yoonjezera kapena kuchepetsa. Kukhululuka kwa mfumu kudathetsedwa. Papepala zidaoneka zokongola: palibenso kukondera, wolemera ndi wosauka alandira chimodzimodzi.

Koma m'bwalo la milandu simulowa mlandu, mumalowa munthu. Kumabwera wakuba amene kuba ndi ntchito yake, kumabweranso wina amene waba chifukwa ana ake agona ndi njala masiku awiri. Kumabwera amene adakonza chiwembu kwa mwezi wathunthu, ndi wina amene adaputidwa mpaka mtima kuphulika. Lamulo linkati onsewa achita chinthu chimodzi, alandire chimodzi. A jury a ku France adachita zomwe anzawo a ku England ankachita: akaona kuti chilango chikuposa munthuyo, ankangonena kuti alibe mlandu, ngakhale umboni uli poyera. Lamulo lofuna kuti pasakhale wozemba lidayamba kumasula olakwa.

Kukonza kudabwera pang'onopang'ono. Malamulo a Napoleon a mu 1810 adaika malire, chilango chochepetsetsa ndi chokulitsitsa, n'kusiyira woweruza kuti asankhe pakatipo. Adanenanso momveka kuti palibe mlandu ngati munthu adali wamisala pa nthawi imene ankachita chinthucho. Mu 1832 lamulo lina lidapatsa a jury mphamvu yonena kuti munthuyu walakwadi, koma pali zifukwa zochepetsera chilango. Lamulo lomwelo lidathetsa kusindikiza akaidi ndi chitsulo chamoto. Akatswiri a nthawiyo, monga Pellegrino Rossi amene adalemba buku lake la malamulo a milandu mu 1829, sadataye mfundo yoti munthu amasankha yekha. Adangoti ufulu wosankhawo sufanana mwa anthu onse ndiponso pa nthawi zonse. Mwana, wodwala mutu, woopsezedwa, woputidwa, onsewa asankha, koma ufulu wawo udali wopereweza, choncho mlandu wawo upepuke molingana. Amenewa ndiwo maganizo a neoclassical. Diso lidachoka pa chochitika chokha n'kuyamba kuonanso wochitayo. Tinene chilungamo kuti Bentham adali ataona kale kuti kulanga mwana wakhanda kapena wamisala n'kopanda phindu, koma chifukwa chake chidali choti anthu otere saopsezeka. A neoclassical adaonjezera funso lina: kodi munthuyu akuyenera chilango chochuluka bwanji?

Nkhani imodzi ya ku London idasiya chizindikiro chimene chidafika mpaka kuno. Mu January 1843, Daniel M'Naghten wa ku Glasgow, amene ankakhulupirira kuti chipani cholamula chikumulondalonda, adaombera Edward Drummond, mlembi wa nduna yaikulu Robert Peel, ndipo Drummond adamwalira. Khoti lidapeza kuti M'Naghten adalibe mlandu chifukwa cha misala. Anthu adakwiya, Mfumukazi Victoria nayo sidakondwe, ndipo nyumba ya malamulo ya House of Lords idafunsa oweruza akuluakulu kuti afotokoze bwino lamulolo. Yankho lawo lidali loti munthu amapulumuka pokhapokha ngati matenda a maganizo adamuchititsa kuti asadziwe chimene akuchita, kapena asadziwe kuti n'cholakwika. Muyeso umenewu udayenda ndi ulamuliro wa Britain, ndipo uli m'malamulo athu a milandu amene tidatengera kwa atsamunda. Mukamva kuti khoti lalamula kuti woganiziridwa kupha akayambe wapimidwa kuchipatala cha anthu odwala maganizo ku Zomba, dziwani kuti muzu wake uli pamenepo. M'Naghten mwini sadapite kwawo. Adakhala motsekeredwa m'zipatala mpaka adamwalira mu 1865.

Kenako padabwera ena, monga dokotala Cesare Lombroso mu 1876, amene adakana zonse za kusankhazi n'kumati zigawenga zina zimachita kubadwa, ndipo ungazidziwe poyeza chigaza. Zoyeza zigazazo zidatsutsidwa n'kutayidwa, ngakhale funso loti n'chiyani chimakankhira munthu ku umbanda lidatsala. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chodabwitsa n'chakuti maganizo a Beccaria adadzukanso patapita zaka 200, ku America. Katswiri wa zachuma Gary Becker adafotokozapo kuti tsiku lina atachedwa kukayesa wophunzira mayeso ku New York, adawerengera mwachangu mtengo woimika galimoto pamalo olipira, kukula kwa chindapusa, ndi mwayi woti agwidwe, kenako adaimika pamalo oletsedwa. Mu 1968 adalemba nkhani yotchuka yonena kuti opalamula ambiri amawerengera chimodzimodzi. Koma andale adatolapo mbali imene imakoma pa msonkhano, ya kukhwimitsa. Mu 1994 dera la California lidakhazikitsa lamulo loti wopalamula kachitatu, amene adapezekapo kale ndi milandu iwiri ikuluikulu, akakhale kundende zaka zosachepera 25 mwina moyo wonse. Munthu wina, Leandro Andrade, adaba matepi a kanema a ndalama pafupifupi madola 150, ndipo adagamulidwa zaka zosachepera 50. Khoti lalikulu la dzikolo lidavomereza chigamulocho mu 2003. Anthu a ku California okha ndiwo adafewetsa lamulolo povota mu 2012. Beccaria akadadzuka sakadavomera kuti ameneyo ndi mwana wake. Ndipo ofufuza za umbanda a masiku ano, atayeza nkhaniyi kwa zaka zambiri, amagwirizana kwambiri pa mfundo imodzi: kuchuluka kwa mwayi woti munthu agwidwe kumaletsa milandu kuposa kutalikitsa zaka za kundende.

Kuno kwathu tidayenda ulendo wa France uja pa mlandu umodzi, waukulu kuposa yonse. Kwa zaka zambiri lamulo linkati aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha anyongedwe, woweruza alibe chosankha. Wopha pofuna kuba ndi wopha pa ndewu ya kumowa ankamva mawu amodzimodzi. Mu April 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, Khoti Lalikulu lidagamula kuti kukakamiza chilango cha imfa popanda kumva za munthuyo n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Kuyambira mu 2015, akaidi oposa 150 amene adali atagamulidwa motero adabwereranso m'khoti. Othandiza zamalamulo adapita m'midzi mwawo kukafunsa abale ndi mafumu za moyo wa anthuwa. Kudapezeka kuti ena adali ana pa nthawi ya mlandu, ena adali odwala maganizo, ndipo mafayilo a ena adali atasowa. Ambiri adatulutsidwa. Chilango cha imfacho chikadali m'malamulo athu, ngakhale palibe amene wanyongedwa kuchokera mu 1992. Mozambique idachithetsa mu 1990, Zambia mu 2022.

Ine ndili kumbali ya woweruza amene amaloledwa kuona munthu. Koma ndisakunamizeni kuti njirayi ilibe msampha, ndipo msampha wake ndi womwe uja Beccaria ankauopa. Mukangomupatsa woweruza mpata wosankha, mwatsegulanso khomo la kusiyana. Amene ali ndi loya wodziwa ntchito amabweretsa makalata a kuchipatala ndi mboni zomuyamikira, dandaulo lake limamveka bwino. Mnyamata wogwidwa ndi mbuzi yakuba amaima yekha, akafunsidwa ngati ali ndi chonena amangoti bwana mundikhululukire. N'chifukwa chake anthu amang'ung'udza akamva kuti wakuba mbuzi walandira zaka zambiri pamene wosowetsa mamiliyoni a boma akuyenda mumzinda pa belo. Anthuwo sadawerenge buku lililonse, koma akufunsa funso lenileni la 1764, loti chilango chilingane ndi kukula kwa choipa chimene dziko lachitiridwa.

Ndipo nthawi iliyonse umbanda ukakula, kaya ndi kuba ziweto, kaya ndi kuononga zipangizo za magetsi, kaya ndi nkhanza kwa ana, mfuu imakhala imodzi: khwimitsani chilango. Aphungu amaonjezera zaka, tonse timaomba m'manja. Kuonjezera zaka papepala sikudya ndalama tsiku limenelo. Chimene chimadya ndalama ndi galimoto ya apolisi yokhala ndi mafuta, wofufuza wodziwa kusunga umboni, mboni yotetezedwa, majisitireti okwanira, fayilo yosasowa. Anthu akagwira wakuba pamsika n'kuyamba kumufunira matayala ndi petulo, mukawafunsa sanena kuti zaka za m'buku n'zochepa. Amati tikamupereka kupolisi mawa timuonanso pompano. Chimene akuchitacho ndi mlandu woopsa, ndipo nthawi zina wophedwayo amakhala wosalakwa ngati Jean Calas. Koma chimene chawafikitsa pamenepo ndi kusakhulupirira kuti chilango cha boma chimafika.

Za kufulumira nazo zili chimodzimodzi. Malamulo oyendetsera dziko lino amati munthu akamangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Komabe m'ndende za Maula, Chichiri ndi Zomba mwakhala mukupezeka anthu odikira mlandu kwa miyezi, ena kwa zaka, makamaka pa milandu yakupha. Pofika tsiku lachigamulo, mboni zina zidasamuka, zina zidamwalira, mudzi udaiwala. Wolakwa akhoza kutuluka chifukwa umboni wazilala. Wosalakwa amatuluka atagwira kale ukaidi umene palibe woweruza adaugamula.